Ulendo wa pa sitima wopita ku Dar: ndinyamule chiyani, ndisiye chiyani?

NaBanda_Matawale
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mwezi wa Juni ndikupita ku Dar es Salaam kukaona mwana wanga amene ali m'chikuta. Akamwini anena kuti ndikwere basi mpaka ku Songwe, ndikaoloke, ndikafike ku Mbeya, kenako ndikakwere sitima ya TAZARA, poti msana wangawu sungalole kukhala pampando wa basi njira yonseyo. Vuto ndi katundu. Pakadali pano ndasonkhanitsa sutikesi yaikulu, thumba la ufa woyera, nyemba, matemba, bulangete, zovala za khanda ndi beseni losambitsira mwana. Bambo a kunyumba angoyang'ana n'kufunsa ngati ndikusamuka. Inu amene munakwerapo sitima ya ulendo wautali, ndichotsepo chiyani?

Kabaza_Songani
Mayi, beseni lokhalo lisiyeni chonde. Ku Dar ana amasambira m'chiyani masiku onsewa? Kkkk

MaiGeni_Chinamwali
Achemwali, njira imeneyo ndimaiyenda pokaoda zitenje ku msika wa Kariakoo ku Dar, ndiye mundimvere bwino. Sitimayo payokha si vuto. Mukangolowa n'kukhala pansi, katundu wanu ali phee mpaka ku Dar. Chimene chimalizitsa munthu ndi malo osinthira. Tawerengani nokha: kuchoka kwanu ku Matawale kufika pa depoti, kukwera basi ya ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kusintha kupita ku Karonga, kusinthanso kupita ku Songwe. Pa Songwe mumatsika, mumadinditsa pasipoti, mumaoloka mlatho, mumakadinditsanso ku Kasumulu. Mukatero mumafuna minibasi yodzera ku Tukuyu kupita ku Mbeya, ndipo siteshoni ya ku Mbeya ili kunja kwa tauni, ndiye pamenepo mpofunikanso china chokufikitsani. Paliponse pamenepa anyamata amathamangira katundu wanu, wina wagwira sutikesi, wina wasenza ufa, wina beseni, aliyense akulowera kwake. Maso anu ndi awiri okha. Ndipo aliyense wa iwo adzafuna yake, kondakitala nayenso adzati katunduyu alipire mpando.

Ine lamulo langa ndi ili. Chikwama chimodzi chimene mungathe kuchinyamula nokha popanda kuitana munthu, ndi kachikwama kakang'ono kopachika m'khosi kamene sikachoka pathupi ngakhale popita kuchimbudzi. Dzanja limodzi lizikhala lopanda kanthu nthawi zonse, chifukwa masitepe a sitima ndi aatali, mufunika kugwira chitsulo pokwera.

Anganga_Jali
Ana inu mumalankhula ngati mayiwa akupita kokayenda. Akupita kuchikuta. Mayi wa munthu afike chimanjamanja pakhomo pa mkamwini, abale a mwamuna akuona? Adzati kwawo kuli njala. Ufa anyamule, nyemba anyamule. Ife kale tinkasenza dengu kuchoka kuno mpaka ku Limbe osadandaula.

MwanaWaChikanda
Anganga, ku Limbe ndi pakhomo pomwepa. Uku ndi dziko lina.

Anganga_Jali
Dziko lina silichotsa mwambo, mwana iwe.

Che_Malosa
Anganga sakunama, koma MaiGeni nawonso sakunama. Funso n'lakuti mphatsoyo ikhale yotani. Ufa ku Tanzania ulipo wambirimbiri, iwonso amadya nsima tsiku ndi tsiku. Mpunga ndiye musanene, wa ku Kyela umatchuka dziko lonselo, ndipo sitimayo imadutsa m'chigwa cha Kilombero cha ku Ifakara kumene mpunga ndiye ulimi wawo. Kunyamula zimenezi kuchokera ku Zomba n'kungodzizunza. Nyamulani zimene mwana wanu sangazipeze kumeneko, zimene akangotsegula amve fungo la kwawo. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya sulemera n'komwe. Nsinjiro pang'ono. Matemba a ku Chilwa m'kakontena kamodzi. Ufa woyera ngati mtima sukulola kuusiya, makilo 2 akwana, aphike nsima kawiri katatu akumbukire kwawo. Zonsezi pamodzi sizingapose makilo 4, koma ulemu wake ndi womwewo.

NaBanda_Matawale
Za mfutso ndiye mwandikumbutsa, bambo. Mwanayo amaukonda wotendera. Koma makilo 2 a ufa si chipongwe?

Che_Malosa
Chipongwe n'kufika msana utathyoka, mwana wobereka kumene ayambe kusamala inu.

MaiGeni_Chinamwali
Ndiwonjezepo pa za ufa. Thumba lalikulu pa malire limaoneka ngati la geni, mafunso amachuluka. Mukumbukire kuti mu Epulo 2025 maiko awiriwa anakokanakokana pa nkhani ya zokolola, Tanzania mpaka inatseka kwa masiku angapo kuti zaulimi zochokera kuno zisalowe. Zinatha, koma zikusonyeza kuti chakudya chochuluka pa malire chimatha kukuchedwetsani nthawi ina iliyonse. Kapaketi kakang'ono m'kati mwa zovala aliyense amaona kuti n'kodya pakhomo.

China, musakulunge zinthu m'majumbo. Tanzania inaletsa majumbo apulasitiki kuyambira pa 1 Juni 2019, ndipo lamuloli limakhudza alendo omwe. Mangani m'nsalu kapena m'tikontena tokhala ndi zivundikiro. Matembawo muyambe mwawakulunga m'nyuzipepala kenako m'kontena yotseka bwino, apo ayi anzanu a m'chipinda adzakudani usiku wonse.

Kabaza_Songani
Fungo la matemba ndi pafyumu wa ku Kachulu, asiyeni a ku Tanzania alaweko.

NesiWaUsiku
Ine ndilankhule za thupi, poti mwatchula msana. Ngati mumamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ena alionse a tsiku ndi tsiku, tengani okwanira masiku onse amene mukakhale kumeneko ndi ena apadera, muwasiye m'mapaketi awo momwe anabwerera, ndipo akhale m'kachikwama ka m'khosi pamodzi ndi buku la kuchipatala. Asalowe m'chikwama chachikulu chimene chingakwezedwe pamwamba pa basi. Onjezani panado, tipaketi tiwiri ta Thanzi, sopo wamng'ono ndi pepala la kuchimbudzi. Sopoyo si wa ulemu chabe ayi. Mukupita kukagwira khanda, simukufuna kufika mukutsegula m'mimba.

Madzi musanyamule kuchokera kuno. Lita imodzi ndi kilo imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 ndi makilo 5 a ziii. Mukagule ku Mbeya musanakwere, ena mudzagula m'njira. Thobwa ndiye ayi ndithu, limasasa n'kufufuma, lidzakutsegukirani m'zovala. Ndipo ubwino wa sitima ndi woti mumatha kuimirira. Muziyendayenda m'kanjira ka m'katimo kuti miyendo isatupe.

Koma pa chikwama ndisiyana nawo a MaiGeni. Munthu wa msana asanyamule chikwama pamapewa kapena m'manja mtunda wautali. Kasutikesi kakang'ono ka matayala n'kabwino.

MaiGeni_Chinamwali
Anesi, matayala amenewo ndi a pabwalo la ndege pamene pali simenti yosalala. Pa depoti ya ku Karonga, pa Songwe, pa Kasumulu, mukakoka pa miyala ndi m'fumbi. Tayala limodzi likangothyoka mwatsala ndi bokosi lolimba lopanda pogwira pabwino. Chikwama chansalu chofewa mumachiika pamutu ndi nkhata, msana uli chilili, manja onse ali omasuka. Amayi a kuno tinakula tikusenza, si zachilendo.

NesiWaUsiku
Kusenza kumene mukukunenako n'kumene kunawononga misana ya amayi ambiri amene timawaona. Katundu wa pamutu amatsikira m'khosi ndi m'chiuno momwemo.

MaiGeni_Chinamwali
Makilo 8 kapena 10 pamutu kwa mphindi zochepa si mtolo wa nkhuni wochokera kuphiri. Komanso chofewa chimalowa pansi pa bedi la m'sitima, cholimba chimakana.

NesiWaUsiku
Pa makilo 10 pokha ndiye tagwirizana. Chikapitirira pamenepo, kaya cha matayala kaya cha pamutu, chachuluka. Mayi, kabwerekeni sikelo kwa ogula nandolo muyeze musananyamuke.

MwanaWaChikanda
Funso lapambali. Zimatheka bwanji kuti Zomba inali likulu la dziko koma ilibe njanji? Kuti tikwere sitima mpaka tipite ku Liwonde kapena ku Limbe.

Mphunzitsi_Domasi
Njanji za kuno sizinamangidwire anthu, zinamangidwira katundu. Yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera kumunsi ku Shire, chifukwa malonda ndi minda ya azungu zinali ku Blantyre, Limbe, Thyolo ndi Mulanje. Kuno kunali maofesi a boma basi. Pamene ankaitalikitsa kupita kumpoto inadzera ku Lirangwe ndi ku Balaka mpaka kufika ku Salima mu 1935, Zomba n'kutsala kuseri kwa phiri. Ya ku Liwonde ija ndi ya 1970, inachoka pa Nkaya kupita ku Nayuchi kuti katundu azitulukira ku doko la Nacala. Kenako likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, njanji n'kulilondola komweko. Ndiye ife pafupi pathu ndi pa Liwonde, makilomita pafupifupi 50.

TAZARA imene akukakwera mayiwa ndi nkhani ina. Inamangidwa ndi thandizo la China, inatha mu 1975, ndipo ndi yotalika makilomita 1,860 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi. Cholinga chinali choti mkuwa wa ku Zambia usamadzere ku Rhodesia ndi ku South Africa. Njanji yathu inafika ku Chipata kudzera ku Mchinji, koma sinalumikizane ndi TAZARA, n'chifukwa chake Mmalawi amayenera kuvutika ndi mabasi mpaka ku Mbeya.

Matemba_Kachulu
Inu mukukamba zonyamula pang'onozi simunakwerepo sitima ya ku Nayuchi. Mmene muja muli matumba a mpunga, madengu a nsomba, njinga, nkhuku, malata. Munthu wa kachikwama kamodzi anthu amamuyang'ana ngati wasochera. Sitima ndiye galimoto ya katundu, pa basi angakudule mutu ndi mitengo.

Che_Malosa
Zoona achimwene, koma inu mumakweza pa siteshoni imodzi n'kukatsitsa pa ina, anyamata anu akudikira mbali zonse ziwiri. Mayiwa ali okha, ndipo asanaione n'komwe sitimayo akhala atasintha magalimoto kambirimbiri.

Matemba_Kachulu
Apo ndiye ndavomera. Koma matemba akagule kwa ine, ndiwapatsa ouma bwino.

Woyang'anira_Gulu
Malonda ku inbox chonde. Tibwerere ku funso la mayi.

MaiGeni_Chinamwali
Tibwerere ku zovala, poti m'pamene amayi timalemerera. Inu mukupita kwa mwana wanu, kuli madzi, kuli sopo, kuli chingwe choyanikira. Ku Dar n'kotentha, chovala mukachapa m'mawa masana chauma. Madiresi atatu opepuka, chovala chimodzi cha kutchalitchi, zam'kati, nsapato zimene mwavala ndi patapata. Basi. Zitenje zitatu, ndipo zimenezi ndiye musachepetse: china mufunda, china muyala pokhala, china mupukutira kapena kupinda n'kutsamira, pofika n'kuberekera mdzukulu. Thaulo lalikulu lisiyeni, likanyowa siliuma m'sitima ndipo limanunkhitsa chikwama chonse.

Zovala za khanda tengani ziwiri zitatu za chizindikiro chabe, kuti izi zachokera kwa agogo. Zambiri zimene timagula mumsika muno zimachokera ku Kariakoo komweko. Mukazibweza kwawo mutalipira kawiri.

Anganga_Jali
Bulangete lokha asasiye. Juni ameneyu. Ine ndinamva kuti ku Mbeya kumazizira kuposa ku Chawe.

MwanaWaChikanda
Apa anganga alasa. Mbeya ili pamwamba kwambiri, cha m'ma mamita 1,700, Zomba tauni sifika ngakhale 1,000.

MaiGeni_Chinamwali
Kuzizira n'koona, makamaka usiku pakati pa Mbeya ndi Makambako. Koma bulangete limadya theka la chikwama chifukwa cha usiku umodzi, kenako mukatsikira ku Mlimba ndi ku Ifakara kumayamba kutentha ndipo simulifunanso mpaka tsiku lobwerera. M'kalasi yoyamba zofunda amapereka. Chimene mufunika ndi juzi imodzi yokhuthala, masokosi ndi mpango wa kumutu, ndipo zimenezi muvale pathupi, zisalowe m'chikwama. Zikuthandizaninso pa basi ya usiku potsika Chiweta, komanso podikira pa siteshoni, chifukwa sitima ya ulendo wautali simuiwerengera mphindi. Mukhoza kudikira maola angapo, ndiye juzi ndi chitenje zikhale pafupi.

Anganga_Jali
Zofunda zofunda anthu ena osawadziwa? Ine ayi.

NesiWaUsiku
N'chifukwa chake pali chitenje, anganga. Chitenje pathupi, bulangete lawo pamwamba.

NaBanda_Matawale
Nanga m'chipindamo mumagona bwanji? Ine mantha anga ndi kugona ndi azibambo osawadziwa.

MaiGeni_Chinamwali
Musaope. M'zipinda zogona amayi amakhala paokha, abambo paokha, pokhapokha banja litalipira chipinda chonse. Kalasi yoyamba muli mabedi 4, yachiwiri 6. Akamwini akamagula tikiti apemphe bedi lapansi chifukwa cha msanawo, kukwera lapamwamba usiku n'kovuta. Agule masiku akadalipo, osadikira tsiku lomwelo, ndipo atsimikize tsiku lonyamuka sitima musanachoke ku Zomba kuno, poti siyenda tsiku lililonse. Mukaiphonya mugona ku Mbeya podikira ina, ndipo pamenepo m'pamene katundu wambiri amawawa zenizeni.

Malo oika katundu m'chipindamo ndi ochepa, ndipo ndi a nonse. Munthu wobwera ndi sutikesi yaikulu amaiimika pakati, anzake n'kumailumpha usiku wonse. Pogona chikwama chikhale pansi pa bedi chakumutu, kachikwama ka ndalama kakhale m'kati mwa zovala. Sitima ikaima pa siteshoni usiku tsekani zenera, ndipo foni musaisiye pa katebulo ka pazenera.

MwanaWaChikanda
Za foni ndinene ine. Chaja yanu ya kuno igwira ntchito, mabowo a magetsi ambiri ku Tanzania ndi a mano atatu ngati athu omwewa. Koma musadalire kuti mupeza pochajira m'njira, tengani power bank yodzaza. Nambala ya akamwini ndi ya mwana wanu mulembenso papepala, foni ikazima musasowe chonena. Pasipoti muijambule ndi foni, komanso fotokope imodzi ikhale m'chikwama chinacho. Ndipo mukaoloka Songwe nthawi imapita patsogolo ndi ola limodzi. Ikakhala 12 koloko kuno, uko ndi 1 koloko. Anthu amaphonya zinthu chifukwa cha kaola kameneka.

Kabaza_Songani
Tochi ya pafoni ikwana kapena atenge nyali ya palafini?

MwanaWaChikanda
Amwene, khalani serious kamodzi.

Che_Malosa
Kamba wa panjira asachuluke. M'sitima muli ngolo yodyeramo, amaphika mpunga, nsima, nkhuku, ndipo m'masiteshoni anthu amagulitsa nthochi ndi zina pazenera. Chofunika ndi mashilingi ang'onoang'ono, osati chakudya cha sabata. Mtedza wokazinga, mbatata yophika ya tsiku loyamba, mabisiketi, zakwana. Nkhuku yokazinga ya kunyumba idyedwe musanafike ku Karonga, ikagona kawiri m'kontena ndi matenda. Kapu ndi supuni imodzi ndi zothandiza. Ndalama musinthe pang'ono zokwana minibasi ndi chakudya, muziwerenge pamaso pa wosinthayo, ndipo musaziike malo amodzi.

Masana mukhale pazenera. Pakati pa Makambako ndi Mlimba njanji imalowa m'mapanga obooledwa m'mapiri ndi kudutsa milatho yaitali, ndipo chakufupi ndi Dar imadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Selous, imene mbali yake yaikulu pano amaitcha Nyerere National Park. Mukadutsa kukuwala mukhoza kuona nyama.

MaiGeni_Chinamwali
Chinthu chimodzi chokha chimene ndingakuuzeni kuti muwonjezere: chikwama chamizeremizere chija, chopanda kanthu, mupinde muike pansi penipeni. Pobwerera mwana wanu sadzakusiyani chimanjamanja, ndipo mukangoponda ku Kariakoo n'kuona mitengo ya zitenje mutu udzazungulira. Ulendo wobwerera ndi wosavutirapo chifukwa akamwini adzakukwezani okha ku Dar, koma kumbukirani kuti kuchokera ku Mbeya mudzakhalanso nokha, ndiye nachonso chisapose mphamvu zanu.

Wa_Mpondabwino
Pepani ndalowa mochedwa. Mayi NaBanda, poti mwapepukidwa chonchi, mungandinyamulireko kaphukusi kakang'ono? Mphwanga ali ku Dar komweko, adzabwera kudzatenga pa siteshoni. Sikolemera ayi.

Kabaza_Songani
Zayambika. Inenso ndili ndi kakalata ndi nsapato ziwiri.

Che_Malosa
Ichi ndicho chimalemeretsa Amalawi paulendo kuposa ufa. Munthu walongedza bwinobwino makilo ake 10, usiku woti mawa anyamuka kwabwera oyandikana nawo, a kutchalitchi, alamu, aliyense ndi "kakang'ono" kake. Pofika m'mawa zikwama zakhala zitatu. Mayi, tsiku lonyamuka musalilengeze pagulu pano.

Wa_Mpondabwino
Koma abale, kuthandizana kunatha? Ndi tizinthu tochepa chabe.

Anganga_Jali
Kukana kutumidwa si khalidwe. Mawa ndiwe udzafune wokunyamulira.

MaiGeni_Chinamwali
Anganga, pa ichi chokha mundikhululukire. Pa malire akatsegula chikwama safunsa kuti phukusili ndi la yani, amafunsa amene walinyamula. Chilichonse chili m'katimo ndi chanu. Ine ngakhale m'bale wanga weniweni, phukusi lomata ndi tepi sindilandira. Alitsegule pamaso panga, ndione chilichonse, ndilongedze ndekha. Ngati muli mankhwala opanda pepala la dokotala, mafoni, kapena chinthu chimene sindikuchidziwa, chibwerere. Komanso taganizani, mayiwa afika ku Dar atatopa, mwina usiku, ayambe kuimbira munthu wosamudziwa amene sakuyankha foni, akamwini ali chiimire kudikira.

A Mpondabwino, mabasi opita ku Dar amanyamula maphukusi, mumalipira n'kulandira lisiti. Tumizani kumeneko.

Wa_Mpondabwino
Ndi chiponde chabe ndi ma ID a sukulu.

NesiWaUsiku
Chiponde cha m'botolo m'chikwama chofewa chimene akachisenze pamutu? Ayi bambo, ma ID okhawo mwina, ngati mayi avomera okha.